Chimanga Changa cha pa Wailesi

Kuno ku Luembe chaka chija aliyense anachipatsa dzina lake. Ena amati chaka cha gaga, ena amati chaka cha mango ophika. Ine ndimati chaka chimene ndinali wolemela pa wailesi. Pafupifupi Lachinai lililonse mau anga anali kuuza Nyimba yonse mpaka Petauke kuti kwa amai Esinati chimanga chili mbwee, pamene mwini wake wa mauwo ndinali kugona ndi madzi m'mimba. Mbuzi zinapita, njinga inapita, zimenezo sindidandaula. Chimene chimandiwawa mpaka lelo ndi alongo anga a Yobe.

Ndiyambe ndi mmene mau anga analowela m'wailesi. Ku Petauke kuli kawailesi ka anthu onse, kamene kanalandila ndalama za thandizo kuchokela kwa madona, mabungwe akunja opeleka thandizo, kuti kaziphunzitsa anthu a kumudzi nchito za manja. Pologalamu yake dzina lake linali Khasu ndi Nzelu. Sindinganame, inali yabwino. Tinaphunzila kukumba maenje obyalamo chimanga, kupanga manyowa, kufutsa ndiwo, kuweta njuchi, ngakhale kukonza mjigo ukafa. Gulu lililonse la omvela linapatsidwa wailesi yoyendela dzuwa, ndipo gulu la m'mudzi mwathu mtsogoleli ndinali ine.

Chaka cha mvula yabwino ndinakolola monga sindinakololepo chibadwile. A Daka, bambo woonda wa magalasi amene anali kuyendetsa pologalamuyo, anabwela pa njinga yamoto ndi kamakina kojambulila mau. Anati, "Amai, kambani momasuka, madona afuna kumva mlimi weniweni." Ine pakamwa sipanandivutepo. Ndinati, "Chaka chino njala kwanga kulibe. Chimanga sindiikanso m'nkhokwe. Ndinatonola chonse, chili m'masaka otseka bwino kuchipinda kwanga kogona, anankafumbwe sachiona. Amene afuna kuphunzila abwele kwa Esinati, sadzabwelela chimanjamanja." Zonsezo tsiku limenelo zinali zoona, ndipo amene afuna kuti ndipepese adikile.

Dzinja lotsatila mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula. Maenje anasunga chinyontho masiku angapo, kenaka naonso anauma gwa. Chimene tinakolola mwana akanatha kusenza pamutu. Masaka aja ena tinali titagulitsa kale kugula malata ndi kulipilila ana sukulu, otsalawo tinadya ndi abale mpaka anatha. Pofika Seputembala anali opindapinda pansi pa bedi.

Okutobala

Dzuwa la Okutobala kuno kuchigwa silimvela chifundo munthu wa njala. Pamsika wa ku Nyimba mtengo wa meda, kachitini kopimila chimanga, unali kusintha tsiku lomwelo, wam'mawa wina, wamadzulo wina. Gaga amene tinali kutayila nkhumba anakwela pa thebulo, womugulitsa atavala ndi epuloni yomwe. Mphekesela zinali zambili kuposa chakudya. Ena anati chimanga cha thandizo chili kale panjila, ena anati chinakhotela ku Mozambiki, ena anati chimene chibwela n'chachikasu, cha ziweto.

Pologalamu ija inali itasiya kumveka kwa miyezi ingapo. Ndiye Lachinai lina tili pansi pa mtengo wa mango ndi gulu langa, wailesi ili pa mpando, tinamva nyimbo yake yoyambila. Tinakondwa, tinati mwina atiuza zochita ndi chilalachi. Kenaka a Daka anati, "Sabata ino tili ku Luembe, kwa amai Esinati." Ndipo ine ndinayamba kudzitama, mau onenepa, oseka, a munthu wokhuta.

Anthu anaseka mpaka kugwila nthiti. Inenso ndinaseka, ndibisilenji. Amene sanaseke ndi anansi anga amai Felizada, amene anabwela kuno ali mtsikana pothawa nkhondo ya ku Mozambiki ndipo sanabwelelenso. Iwo njala amaidziwa kuposa ife tonse. Anandiyang'ana nati, "Amake Dalitso, ife tiseka chifukwa tidziwa kuti n'zakale. Nanga wakutali adziwa bwanji?"

Ndinawauza kuti asandiopseze, dziko lonse liona kuti kunja kwapsa. Sabata yotsatila inali ya njuchi. Inayo ndinali ine. Kenaka mjigo, kenaka inenso.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa chapakati pa mwezi, yamphamvu, ya fungo labwino. Tinabyala mbeu imene ndinabisa padenga la khichini, yakuda ndi utsi, imene ndinaikaniza ana ngakhale atalila bwanji. Amuna anga a Sakala atangomaliza kubyala ananyamula nkhwangwa kupita kufupi ndi mseu waukulu kukaotcha malasha, makala ogulitsa. Amuna ambili a m'mudzi anachita chimodzimodzi, ndipo malasha anachuluka pamseu mpaka ogula anayamba kutchula okha mtengo.

Alendo anayamba kufika. Woyamba anali mai wina wa cha ku Minga, mwana kumsana, milomo yosweka. Anati, "Ndabwela kudzaphunzila." Koma pansi pa chitenje chake ndinaona thumba lopinda. Ndinamupatsa madzi, ndinamufotokozela zonse. Anamvetsela mwaulemu, nagwedeza mutu, koma maso ake anali pa chitseko cha nyumba yanga. Atapita anabwela ena, ndi enanso, aliyense ndi thumba lake. Ena anachoka akulila, ena anachoka akutukwana. Mmodzi anandilavulila pakhomo.

Chimanga cha thandizo chinafikadi kumapeto kwa mwezi, chochepa, ndipo anagawila pasukulu. Ndinaima pamzele kuyambila m'mawa. Nditafika kutsogolo, mtsikana wa ku boma wovala kapu yoyela anandifunsa dzina.

"Esinati Mwanza."

Anadzutsa mutu, namwetulila. "A pa wailesi? Ndimakumvelani, amai. Koma tiyeni tiyambe ndi amene alibe."

Ndinacheukila a komiti yogawa chimangacho, anthu a m'mudzi mwathu momwe, kuti andinenele. Onse maso pansi. Wapampando, munthu amene ana ake anadya phala la m'nyumba mwanga chaka chatha, anakhosomola nati, "Ife nkhokwe yao tiiona kuti ilibe kanthu. Koma eni ake anati sasunga m'nkhokwe. Za kuchipinda ife sitidziwa."

Zimene ndinawauza pamenepo sindingazibweleze, ndine munthu wa mpingo. Anati ndidzalandila ulendo wachiwili. Ndinabwelela ndi thumba langa lopanda kanthu.

Disembala

A Yobe ndi oyamba kubadwa m'mimba mwathu, ine ndine wotsiliza. Amai atamwalila ndi iwo anandilela. Anali kundibeleka kuoloka mtsinje popita kusukulu, anandiimila pa ukwati wanga, ndipo ana anga akadwala woyamba kuuzidwa anali iwo. Anakwatila ku Nyalugwe, ndipo monga mwa mwambo wathu anakakhala kwa akazi ao, munda wa amai unatsala m'manja mwanga. Kumeneko chimene dzuwa linasiya njobvu zinamaliza. Kawailesi kamene anali nako ndinawagulila ndine chaka cha zokolola chija, kuti azindimva ndikukamba.

Anafika masana, wapansi, mapazi otupa, thumba lopinda m'khwapa. Ndinawaphikila mango osapsa, ndinathila kamchele, ndipo anadya. Atasamba m'manja anati, "Esinati, Velo watupa miyendo."

Velo anali mwana wao wotsiliza. Anamupatsa dzina la amai athu, Velonika, ndiye ine ndinali kumuitana kuti amai, iye n'kumaseka.

"Sindifuna thumba lonse," anatelo. "Ndipatse pang'ono chabe, mwana amwe phala. Ndidzabwela kudzakulimila."

"Alongo, ndilibe."

Anati, "Ndakumva ndi makutu anga. Lachinai lapitali ndakumva. Mudzi wonse wamva. Mlamu wako wandifunsa kuti, tiphelanji mwana pamene mlongo wanu aitana ndi alendo omwe?"

"Mau aja ndi akale, alongo. Anandijambula chaka cha mvula chija. Angobweleza."

"Munthu wa wailesi anati sabata ino. Iwe unati chaka chino. Wailesi inganame sabata ndi sabata pamaso pa anthu onse, popanda woiletsa?"

Ndinanyamuka, ndinakankha chitseko cha nyumba, ndinakoka nsalu ya kuchipinda. "Lowani muone nokha. Lowani, alongo, ndakupemphani."

Ananyamuka pampando ngati ndawathila madzi otentha. Kwathu mwamuna salowa kuchipinda kumene mlongo wake agona ndi mwamuna wake, ngakhale kusuzumila chabe. Wochita zimenezo amamunena kuti afuna kukhwima, ndipo dzina limenelo silichoka mpaka kumanda. Ine ndinali kudziwa, koma njala ndi mantha zinandiiwalitsa.

"Ufuna anthu anene kuti Yobe analowa kuchipinda kwa mlongo wake?" Mau ao anali pansipansi. "Wasankha bwino pobisa. Wasankha pamene udziwa kuti sindingapondepo."

Ndinathamangila m'kati, ndinakoka masaka onse pansi pa bedi, ndinawaponya pabwalo limodzilimodzi, ndikukutumula kuti aone fumbi lokha. Anawayang'ana nati, "Awa ndi amene unadya. Nanga otsala?" Ndikanatulutsa bedi, ndikanatulutsa mphasa ndi sutikesi, akananena chimodzimodzi. Chipinda sungachitulutse panja.

Amai Felizada anamva phokoso nabwela. Anagwada nati, "Bambo, ine kuchipindako ndimalowa. Kulibe ngakhale njele imodzi." A Yobe anawayankha mwaulemu, "Zikomo amai. Inu ndinu anansi, mudya nao."

M'nyumba munali gaga wa m'mbale imodzi, chakudya cha ana anga cha tsiku lotsatila. Ndinamumanga m'kansalu, ndinawapatsa. Analandila chifukwa cha Velo. Pochoka sananditchule dzina langa. Anati, "Tsalani bwino, amake Dalitso." Chibadwile changa anali asanandiitanepo motelo.

Januwale

Mvula inali kugwa bwino, chimanga chinali kukula, ndipo udzu unali kukula kuchiposa. Munthu ulima mizele iwili, maso achita mdima, ukhala pansi. Masiku ambili ndinali kusiya munda wanga kukapalila wa munthu wina wa sitolo, malipilo ake mbale ya gaga. Ana anasiya kupita kusukulu chifukwa anali kugona m'kalasi. Ulendo wachiwili wa chimanga cha thandizo unali kubwela sabata yamawa, ndipo sabata yamawayo inakhala yamawa mwezi wonse.

Amai Felizada ananditengela kuthengo kukakumba mpama, zilazi zakutchile zowawa. Anandionetsa kudula tizidutswa, kuwilitsa, kutaya madzi, kuwilitsanso, kutayanso. Anati ukafulumila ugona osadzuka. Banja lina la kutsidya linafulumila, ndipo onse anawanyamula pa ngolo kupita kuchipatala. Ife tinadya, tinachita chizungulile, koma tinadzuka.

Lachinai ndinasiya kupita pansi pa mango paja. Koma mau amayenda. Ndili kumunda ndinali kudzimva ndikuseka kuchokela m'nyumba za anthu, ndikuitana dziko lonse kuti libwele kwa Esinati. Ndinali kufuna kumugwila pakhosi mkazi ameneyo. Ndinakwela pachulu pamene foni imagwila, ndinaimba nambala ya kuwailesi kambilimbili. Inali kungolila.

A Sakala atatumiza kandalama ka malasha ndinagula gaga, ndinagawa pakati, theka ndinapatsila mai wina wogulitsa nsomba kuti akasiye ku Nyalugwe. Atabwela ndinamufunsa kuti alongo anati chiyani. Anazengeleza, kenaka anati, "Anati, mwaona, chilipo. Wayamba kutulutsa pang'onopang'ono, wayambila gaga."

Tsiku limenelo ndinagwila mbuzi yotsala, ndinapita nayo kwa wa sitolo uja. Anandipatsa mtengo wa nkhuku, ndipo ndinalandila.

Febuluwale

Ndinakwela pamwamba pa lole ya malasha mpaka ku Nyimba, kenaka basi ya ku Petauke. Ndinafika wakuda bii, maso okha oyela. Njila yonse ndinali kukonza mau oti ndikawalase nao a Daka.

Kuwailesi ndinapeza nyumba yotseka mawindo, mlongoti wake uli chilili, magetsi kulibe. Chaka chimenecho magetsi anali kubwela ngati mlendo. A Daka anali pakhonde, akudya mango ophika a m'kapepala. Anali ataonda kuposa kale, kolala ya shati ikuzungulila khosi. Mau anga onse aja anathawa theka.

"Bambo, mwandidziwa?"

Anandiyang'ana, nachotsa magalasi. "Amai Esinati?"

"Ndine. Uja wa chimanga cha kuchipinda. Ndabwela kuti mundionetse kumene chili, nanenso ndidyeko."

Ndinawauza zonse, alendo a matumba, mtsikana wa kapu yoyela, alongo anga, Velo. Anamvetsela atagwila mutu. Kenaka anati, "Amai, ndalama za madona zinatha chilimwe chisanafike. Anzanga onse anapita, wina agulitsa zovala za salaula pamsika. Njinga yamoto ilibe mafuta. Kompyuta inapsa tsiku lina magetsi atabwela mwamphamvu, mapologalamu onse anapita nayo. Anatsala atatu chabe m'kakhadi kosungila mau, wa njuchi, wa mjigo ndi wanu. Tinapempha thandizo lina, manje tidikila yankho. Koma pangano lathu ndi madona linati ola la Lachinai lisakhale chete. Likangokhala chete, atichotsa pamzele."

"Nanga pakamwa panu panatupa? Simukanatha kunena kuti izi n'zakale?"

Anayang'ana pansi. "Masiku ambili amene amaika kakhadiko ndi mlonda. Ine ndimakhala kumunda, nanenso ndili ndi ana. Sitinaganize, amai."

"Simunaganize. Chabwino. Tengani kamakina kanu kaja, mundijambule manje manje. Ndinene ndi pakamwa pomwepa kuti ndilibe kanthu."

Apa anayamba kupukuta magalasi amene anali oyela kale. "Madona amamvela zimene tiulutsa. Inu ndinu chitsanzo chathu, chithunzi chanu ndi chimene tinatumiza popempha. Akamva kuti mlimi wathu wopambana adya mpama, adzati maphunzilo sanagwile nchito. Ndiye kuti pologalamu yafa, ndi mawailesi a magulu, ndi zonse."

"Sindinati maenje ndi oipa. Ndati ndili ndi njala, ndipo mwana wa alongo anga watupa."

Ndinaona kuti bamboyu si woipa, ndi wanjala mnzanga amene wagwila kanthambi kamodzi ndipo aopa kukasiya. Koma chifundo changa chinali chitatha ndi gaga yemwe. Ndinawauza kuti sindichoka pakhondepo, ngati afuna aitane apolisi, mwina kuselo amapatsa chakudya.

Potsiliza anati pologalamu yanga aichotsa, anthu amve za njuchi mpaka atope. Ndipo uthenga wanga adzauwelenga okha, kwaulele, pa nthawi ya mauthenga a malilo, chifukwa nthawi imeneyo madona samvela koma kumudzi aliyense amatchela khutu.

Magetsi anabwela dzuwa litapendeka. Ndinakhala pakhonde, kawailesi ka mlonda kali pambali panga. A Daka anawelenga za nkhalamba ina yomwalila ku Minga, za mwana wina wa ku boma. Kenaka anati, "Amai Esinati Mwanza a ku Luembe adziwitsa alongo ao a Yobe Mwanza ku Nyalugwe kuti chimanga chija chinatha kalekale. Mau amene mwakhala mukumva ndi a chaka china. Kunyumba kwao kuli njala monga kwa aliyense." Anabweleza kawili.

Mlonda anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali. Kulengeza umphawi wako pakati pa akufa si chinthu chopepuka. Koma pobwelela pa basi mtima unali utatsika, ndinagona tulo kwa nthawi yoyamba kuchokela Disembala.

Malichi

Maungu anayamba kupsa, kenaka chimanga chachiwisi. Chisononkho choyamba chimene ndinaotcha m'mimba munachikana, ndinasanza, ndinaotcha china. Ana anayambanso kukangana ndi kuthamanga pabwalo. A Sakala anabwela kumalasha ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka lelo. Tsiku lililonse ndinali kuyang'ana kunjila ya ku Nyalugwe. Ndinali kuganiza kuti a Yobe amva, manyazi chabe ndi amene awachedwetsa, abwela.

Amene anabwela ndi mai wa nsomba uja. Anatula dengu lake, nagwada, nati, "Pepani ndi malilo."

"Malilo a ndani?"

"Kodi sanakuuzeni? Kamtsikana kaja. Anaika mwezi watha."

Ine ndine atate aakazi a mwana ameneyo. Kwathu malilo a mwana saika atate aakazi asanafike, ngakhale akhale kutali bwanji amawatumila munthu. Ine sananditumile ngakhale mwana wa pa njinga. Ndinakhala pansi pomwepo pafumbi, ndipo amai Felizada ndi amene anandidzutsa.

M'mawa mwake ndinanyamuka. Nditafika ku Nyalugwe a Yobe anandionela patali, natenga mbedza zao kulowela kumtsinje wa Luangwa. Mlamu wanga ndi amene anandipeleka kumanda. Kamtumbila kanali kakang'ono, udzu utayamba kale kumela. Ndinalila amai anga kachiwili.

Titabwela kunyumba ndinaona msomali pakhoma la pakhonde, pamene kawailesi kaja kanali kupachikidwa. Panali msomali wokha.

"Mlamu, wailesi ili kuti?"

"Anagulitsa mu Januwale. Tinagula gaga ndi mankhwala a mwana."

"Ndiye uthenga wanga simunaumve?"

"Anthu anatiuza." Anakonza chitenje chake, osandiyang'ana. "Alongo anu anati, mau oyamba tinamva iye mwini akukamba, akuseka. Achiwiliwa wachita kutuma munthu."

Ndinadikila mpaka dzuwa linapendeka. A Yobe sanabwele kumtsinje.

Epulo

Chimanga chinauma bwino. Sichinali ngati cha chaka cha wailesi chija, chifukwa theka la munda udzu unadya pamene ndinali kupalila wa eni, koma chinali chakudya. Pamsika mtengo wa meda unagwa, gaga anatsika pa thebulo kubwelela kwa nkhumba. Chimanga cha thandizo cha ulendo wachiwili chinafika tili kukolola, ndipo dzina langa linaitanidwa loyamba.

Tsiku lina ndinamva njinga yamoto. A Daka, shati yatsopano, kamakina katsopano. Anati thandizo lavomelezedwa, lalikulu kuposa loyamba, anzao abwelela pa nchito, magulu ena alandila mawailesi. Anati madona anakonda kwambili nkhani yanga, afuna gawo lachiwili, la mlimi amene anapilila chilala. Analonjeza kuti kuyambila manje pologalamu iliyonse izitchula mwezi ndi chaka chimene inajambulidwa.

Ndinawapatsa mpando, ndinawaotchela chimanga. Ndinawauza kuti pologalamu ipitilile, anthu aphunzile, ine ndemwe mjigo wathu ndimakonza ndi nzelu zao. Koma kamakinako akaloze kwina. Ndinati, "Kajambuleni njuchi, bambo. Zilibe alongo."

Atapita ndinauza a Sakala kuti amangenso nkhokwe pabwalo, pamene aliyense wodutsa aona. Anati nanga anankafumbwe. Ndinati adye.

Meyi

Chimanga choyamba kutonola ndinathila m'thumba, ndinabweleka njinga, a Sakala anandipeleka mpaka pamphambano ya ku Nyalugwe. Kuchokela pamenepo ndinasenza ndekha. Ndinafika m'mawa kuti asathawile kumtsinje.

Ndinawapeza pakhonde akusoka mphasa, pansi pa msomali uja. Tsitsi lao linali litayela lonse m'miyezi yochepa imeneyi. Ndinatula thumba, ndinagwada.

"Muli bwanji, amake Dalitso?"

"Ndili bwino, alongo. Ndabweletsa cha m'munda wa amai."

Anaika singano pansi. Anamasula thumba, nalowetsa dzanja, natapa, nasiya njele zigwe pakati pa zala.

"Ndi cha chaka chiti?"

Ndinati, "Lumani."

Anatenga njele imodzi, naika pa dzino. Chimanga chogonela m'saka chimathetheka, chatsopano chimaphwanyika mofewa, mlimi aliyense adziwa. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali kubwalo.

"Chatsopano," anatelo.

Ndinasendela pafupi, ndinali kudikila kuti anene dzina langa.

Anaitana mlamu kuti abweletse dengu. Anakhuthulila chimanga chonse m'menemo, nakutumula thumba, nalipinda bwinobwino, nandipatsa ndi manja awili.

"Zikomo kwambili, amake Dalitso. Ndiye kuti chakale chija munamaliza."

Anatolanso singano yao. Ine ndinabwelela ku Luembe wapansi, thumba lopinda lili m'khwapa.